Ngongole ya Wotseka Chitseko

Pa 14 Epulo 2020, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Jappie Mhango, idalengeza kuti kuyambira pakati pa usiku wa pa 18 Epulo dziko lonse la Malawi lidzakhala pa m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa matenda a Covid-19. Misika ikuluikulu idayenera kutsekedwa, maulendo kuimitsidwa, ndipo aliyense amene ntchito yake siidali m'gulu la ntchito zofunikira kwambiri adayenera kukhala pakhomo mpaka pa 9 Meyi. Apa n'kuti patangotha masiku 12 chilengezereni kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi kachiromboka ku Lilongwe, ndipo odwala odziwika m'dziko lonse adali asanakwane 20.

M'bindikirowo sudachitike. Mavenda ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'matauni ena adakhamukira m'misewu ndi uthenga umodzi, wakuti kuli bwino kufa ndi matenda kusiyana n'kufa ndi njala. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC pamodzi ndi anthu ena adathamangira kukhoti, ndipo pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi lokha, woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe adapereka chiletso. Motero dziko lathu lidakhala limodzi mwa maiko ochepa kwambiri kumene khoti lidaimitsa m'bindikiro usanayambe n'komwe. Papita zaka tsopano, komabe funso limene mavenda aja adadzutsa likadali chiimire: kodi boma lili ndi ufulu wouza munthu kuti akhale m'nyumba pamene likudziwa kuti m'nyumbamo mulibe ufa?

Tiyambe talimvera boma, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Matenda opatsirana amasiyana ndi mavuto ena. Munthu akasankha kumwa kachasu mpaka chiwindi kuonongeka, tingamulangize ndithu, koma thupi limene akuliononga ndi lake. Amene watenga kachirombo koyenda mu mpweya n'kukwera minibasi yopita ku Limbe, iyeyo wasankhira onse amene wakhala nawo, kuphatikizapo agogo amene anzakewo akawapeze kunyumba. Kuipa kwina kwa kachiromboka kudali kwakuti kankafala ngakhale kuchokera kwa munthu amene sakumva kuwawa paliponse. Zikatero mawu oti "moyo ndi wanga" amachepa mphamvu. Komanso amene adali m'boma adali ataona zimene zidachitika ku Italy mwezi wa Malichi, kumene zipatala za dziko lolemera zidadzaza mpaka magalimoto a asilikali kumatuta maliro mumzinda wa Bergamo. Ngati kudatero kumene kuli madokotala ndi makina, nanga kuno kumene nthawi zina wodwala amauzidwa kuti akagule yekha mankhwala? Rwanda idali itatseka, South Africa idatseka pa 27 Malichi, Zimbabwe pa 30 Malichi. Mantha a boma adali ndi maziko, ndipo amene amati zonsezo zidali bodza sakunena zoona.

Choncho sindikutsutsa zoti boma lingathe kutsekera anthu pakabuka mliri. Chimene ndikunena n'chakuti mphamvu imeneyi siibwera yokha, imabwera ndi ngongole. Izitu sitikuphunzira kwa azungu, pakuti kubindikira si kwachilendo pakati pathu. Mayi akachira amakhala m'chikuta masiku angapo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Sapita kumunda, sapita kuchitsime. Koma kodi mudamvapo zoti mayi wa m'chikuta wagona ndi njala? Apongozi, achemwali ndi amayi oyandikana nawo amatunga madzi, amatola nkhuni, amaphika phala. Pamaliro n'chimodzimodzi: anamfedwa sagwira mthiko, koma mudzi wonse umasonkha ufa, ndiwo ndi nkhuni. Namwali akakhala m'tsimba amadya. Ngakhale wodwala nthomba, amene akuluakulu amasimba kuti ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, chakudya ankamupititsira. Mwambo wathu sudalekanitsepo zinthu ziwirizi. Pakamwa pamene patuluka mawu oti "usatuluke" ndi pomwepo pamene pamatuluka oti "nachi chakudya". Mudzi umene ungatsekere munthu m'nyumba n'kumuiwala sitinganene kuti wamubindikiritsa. Wamutaya.

Lamulo la mu Epulo 2020 lidabwera ndi theka limodzi lokha. Lidanena momveka za kutseka, koma za kudya silidanene zogwirika. Masiku amenewo mtsutso m'maiko ambiri unkaikidwa motere: tipulumutse miyoyo kapena tipulumutse chuma? Ku Britain funsoli lidali ndi tanthauzo, chifukwa boma la kumeneko lidalonjeza kulipira 80 peresenti ya malipiro a wantchito amene wakhala pakhomo, ndipo mkangano udali pa kukula kwa ngongole ya dziko. Koma funso lomweli likafika ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi limasanduka lina. Wakabaza amene amadzuka m'mamawa m'thumba muli gwa, n'kupalasa njinga mpaka atapeza ya kapepala ka ufa, kamulu ka bonya ndi kajumbo ka makala, sakuteteza "chuma cha dziko". Amenewo ndi mawu a m'maofesi. Iye akuteteza nsima ya madzulo ano. Mayi wogulitsa mandasi mpamba wake wonse uli m'beseni. Akakhala masiku atatu osagulitsa ndiye kuti ana adya mpambawo, ndipo m'bindikiro ukadzatha sadzakhala ndi poyambira. Kwa anthu otere, mbali zonse ziwiri za sikelo kuli moyo. Kuwauza kuti asankhe moyo m'malo mwa ndalama n'kuwanyoza, pakuti kandalama kakunenedwako ndi moyo womwewo.

Tisaiwalenso kuti mawu oti "pakhomo" satanthauza chinthu chimodzi kwa onse. Wolemba lamulo akamati khalani pakhomo amaona pakhomo pake: mpanda, mpopi m'nyumba, firiji, aliyense chipinda chake. Kumalokeshoni banja lonse limagona m'chipinda chimodzi, mabanja angapo amalowa chimbudzi chimodzi, ndipo madzi amakagula pakiyosiki pamene pamakhala mzere kuyambira mbandakucha. Kumutsekera munthu m'malo otere sikumutalikitsa kwa anzake. Lamuloli lidali malaya osokedwa poyeza thupi la munthu wina. Ndipo tidaona kwa anzathu mmene lamulo lovuta kusunga limakakamizidwira. Ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, mu Epulo womwewo, bambo wina adamwalira pambuyo poti asilikali olondera m'bindikiro, malinga ndi umboni wa apabanja pake, adamumenya pabwalo la nyumba yake. Pamene palibe ufa woti anthu akhalire m'nyumba, chimene chimatsala m'manja mwa boma ndi chikoti.

Chochititsa chidwi n'chakuti boma lenilenilo lidaivomereza ngongoleyi, kungoti mochedwa. Chakumapeto kwa Epulo, chiletso chili kale m'manja mwa odandaula, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka nthawi imeneyo. Ganizolo lidali labwino, koma lidayenera kutsogola, osati kutsatira. Ndalamazo zidayamba kufika m'manja mwa anthu mu 2021, boma litasintha kale. Tangoganizani, owerenga, m'bindikiro ukadayambadi pa 18 Epulo, anthu akadadikira ndi chiyani miyezi yonseyo? Mu Sepitembala 2020 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Nduna idawatsamiritsa pa lamulo la zaumoyo la 1948, la nthawi ya atsamunda, pochotsa maufulu amene gawo 45 limalola kuwaimitsa pokhapokha njira yake yatsatidwa. Oweruzawo adatsindikanso kuti boma likafuna kutseka liyambe laganizira za kapulumukidwe ka anthu osauka. Kunena mwachidule, adanena m'chilankhulo cha malamulo zimene agogo athu ankachita pachikuta.

Wina anganene kuti: boma lathu ndi losauka, silingathe kudyetsa dziko lonse kwa masabata atatu, ndiye lingopinda manja anthu akufa? Yankho langa n'lakuti wosauka salamula zimene sangathe kulipira. Amalamula zochepa. Pakati pa kutseka dziko lonse ndi kusachita kanthu pali mtunda wautali: kumwaza misika kuti anthu asathithikane, kuika madzi ndi sopo pazipata, kuchepetsa okwera minibasi, kuteteza okalamba ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene kachiromboka kankawapha kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adali ana osafika zaka 18, pamene Italy ndi limodzi mwa maiko okhala ndi okalamba ochuluka kwambiri pa dziko lapansi. Matenda adali amodzi, koma odwala adali osiyana. Kukula kwa lamulo kumayenera kulingana ndi kukula kwa nkhokwe ya wolamulayo.

Kufikira pano wina angaganize kuti ndikuombera m'manja onse amene adakana m'bindikiro. Ayi ndithu. Nkhaniyi idali ndi ndale m'kati mwake kuyambira pachiyambi. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019 n'kulamula kuti chisankho china chichitike pasanathe masiku 150. Choncho pamene boma lidati "khalani pakhomo", ambiri adamva ngati likuti "musakavote". Kaya cholinga chidali chimenecho kapena ayi, anthu amene adali ataona mapepala a zotsatira atafufutidwa ndi tipekisi sakadafulumira kukhulupirira mawu ochokera kumtunda. Kukayika kwawo n'komveka.

Koma chiletso chitaperekedwa, chidatsatira n'chiyani? Mwezi wa Meyi ndi Juni zipani zonse, cholamula ndi zotsutsa zomwe, zidasonkhanitsa chinamtindi cha anthu m'mabwalo, akuimba ndi kuvina mothithikana, ambiri opanda chophimba kukamwa ndi mphuno. Malire a anthu 100 pamsonkhano amene boma lidakhazikitsa mu Malichi palibe adawalabadira, ngakhale okhazikitsawo. Apa mfundo ya njala siigwira ntchito. Venda adapita kumsika chifukwa akapanda kutero ana agona ndi njala, pamene wandale adaitana khamu chifukwa ankafuna mpando. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Venda adamvadi m'mimba n'kutsekula, koma amene adatulukira pachitsekocho mwamatama adali anthu okhuta. Chisankho cha pa 23 Juni chidali chofunika, sindikana, ndipo dziko lidachita bwino kuchichititsa. Komabe kuvota kudali kotheka popanda magule a m'mabwalo, pakuti mawailesi adalipo. Mu Julayi chiwerengero cha odwala chidakwera kwambiri, ngakhale kuti tiyenera kuvomereza kuti ena mwa odwalawo adali abale athu obwerera kuchokera ku South Africa. Ufulu umene khoti lidateteza udali wokafuna chakudya. Silidachotse udindo wa munthu pa mnzake amene akupuma naye mpweya umodzi.

Pali gulu limodzi limene lidabindikiritsidwadi, ndipo za ilo sitikamba kawirikawiri. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala, ophunzira ena kubwerera mu Okutobala. Miyezi yonseyo akuluakulu ankavina pamisonkhano, ana ali pakhomo. Mwana wa mpondamatiki adapitiriza maphunziro pa intaneti, pamene wa kumudzi adauzidwa kuti azimvera wailesi imene mwina kwawo kulibe. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'nyengo imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga pakati ndipo padachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Vutoli lidalipo kale mliri usanabwere, koma lidakula, ndipo ambiri mwa atsikanawo sadabwererenso m'kalasi. Ana ndiwo adali pa chiopsezo chochepa kwambiri cha matendawa, koma ndiwo adalipira mtengo waukulu. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: mwana savota, sachita zionetsero, alibe loya. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zidatembenuka, adadya ndi akulu, zidapota ana.

Mu Januwale 2021 mliri udabwera ndi ukali wake wonse. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira. Boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera, m'mene mudali ambiri amene adatsutsa m'bindikiro chaka chapitacho, lidaletsa kuyenda usiku kuyambira 9 koloko, lidalamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, lidatsekanso sukulu, ndipo bwalo la masewero la Bingu lidasanduka chipatala. Zikuoneka kuti mpando umaphunzitsa zimene nsanja ya msonkhano siiphunzitsa. M'zipatala chidavuta kwambiri chidali mpweya wa okosijeni, ndipo penapake mpweyawo udalipo koma kachipangizo koupititsira kwa wodwala padalibe. Apa anthu wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake, adasonkherana ndalama kudzera pa Facebook n'kugula masilinda ndi zipangizo zina, akulengeza poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Umenewu udali mwambo wa chikuta uja utavala zovala zatsopano. Palibe adawalamula, ndipo iwo sadalamule munthu. Adangosenza ufa.

Pamene anthu ankasonkherana chotere, lipoti la ofesi yowerengera ndalama za boma limene lidatuluka mu Epulo 2021 lidaonetsa mmene K6.2 biliyoni yolimbanira ndi mliri idayendera: maalawansi, mafuta a galimoto, katundu wogulidwa mosatsata ndondomeko. Nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, idachotsedwa paudindo chifukwa ndalama zina za mliri zidalipirira ulendo wake wa ku South Africa, ndipo ogwira ntchito m'boma angapo adamangidwa. Kusakaza ndalama za boma n'koipa nthawi zonse, koma kumeneku kudali ndi ululu wake wapadera. Ndalama imeneyi ndiyo idali ufa wa m'chikuta. Amene adaidya sadadye ndalama yokha, adadyanso chikhulupiriro cha anthu, chimene ndicho chida chachikulu cha boma pa nthawi ya mliri, pakuti palibe boma limene lili ndi apolisi okwanira kuimirira pakhomo lililonse. Anthu akayamba kunong'onezana kuti matendawa ndi bizinesi ya akuluakulu, amakana ndi katemera yemwe. Mu Meyi 2021 boma lidatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene adatha mphamvu asanabayidwe. N'zoona kuti katemerayo adafika atatsala ndi masabata ochepa, koma mphekesera nazo zidathandizira kuti mizere ya obayitsa ifupike.

Lero ena amati: mwaona, sitidatseke koma sitidathe. Anthu olembedwa kuti adamwalira ndi Covid-19 m'Malawi ndi oposa 2,600, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi zimene ankaopa mu 2020. Mfundo imeneyi ndimaikayikira. Oyezedwa adali ochepa, ndipo m'dziko muno anthu ambiri amamwalirira pakhomo n'kuikidwa popanda kulembedwa paliponse, choncho chiwerengerocho sichinena zonse. Koma chachikulu n'chakuti kulungama kwa chiletso cha pa 17 Epulo sikudalira kuti pambuyo pake kudafa anthu angati. Dalaivala woledzera akafika bwino kunyumba sitinena kuti wachita bwino, ndipo dalaivala wosamala akachita ngozi sitimutcha chigawenga. Chiletsocho chidali cholungama tsiku lomwe chidaperekedwa, chifukwa lamulo lidapempha kwa osauka chinthu chimene sakadatha kupereka, ndipo chikadakhalabe cholungama ngakhale mliri ukadapha ochuluka. Momwemonso misonkhano ya ndale ija idali yolakwika tsiku lomwe idachitika, ngakhale kuti ambiri adapulumuka. Mwayi si umboni wa nzeru, ndipo amene akonza malamulo a mliri wotsatira asadzawerengere mwayi wa 2020 ngati katundu amene ali naye m'nkhokwe.

Sitidadikire nthawi yaitali kuti funso la mavenda libwerenso. Kuyambira mu Malichi 2022 kufika mu 2023 kolera idapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse imene idalembedwapo m'dziko lino. Kolera siiyenda mu mpweya, ndi matenda a madzi akuda ndi kusowa kwa zimbudzi, ndipo chitetezo chake chodalirika ndi mpopi wa madzi abwino. Mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika kudaletsedwa m'madera ambiri. Lamulolo lidali ndi nzeru zake, pakuti chakudya chosasamalidwa chimafalitsadi matendawa. Koma mayi wa mandasi ndi mnyamata wa pachiwaya adauzidwanso kuti aleke malonda, madzi akutungabe pachitsime chomwe chija, osauzidwa kuti ana awo azidya chiyani kufikira mliri utatha.